Maluwa a ku Nyika: mmene moto, mvula ndi chisanu zimawasinthanitsira

Ambiri a ife okhala kuno ku Harare, kaya ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Dzivaresekwa, tikapita kumudzi m'Disembala timathera ku Dedza, Ntcheu, Zomba kapena Mangochi. Ndi ochepa amene amapitirira mpaka ku Rumphi n'kukwera Nyika, chonsecho miyezi imene timakhala tili kumudziyo ndi yomwe phirili limachita maluwa mochititsa kaso. Amene amakwerako m'Julayi amabwerako akunena kuti kulibe kanthu, ndi udzu wokhawokha ndi mphepo. Sakunama pa zimene anaona, koma anaona pamwamba pokha. Zomera zambiri za ku Nyika moyo wake uli pansi pa nthaka, ndipo chilichonse chimatulutsa mutu pa nthawi yakeyake, milungu yowerengeka, kenako n'kubisalanso.

Nyika ndi phiri lotambalala pamwamba, la zitunda zoyalana zokutidwa ndi udzu waufupi. Mbali yake yaikulu ili pamtunda wa mamita 2,100 mpaka 2,400 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Nganda imafika pafupifupi 2,600. Phiri la Nyangani kuno ku Zimbabwe ndi mamita 2,592, pamene Harare ali pa mamita osakwana 1,500. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono, choncho pa Chelinda, pakati pa phirili, pamazizira kuposa Harare ndi madigiri 4 kapena 5 tsiku lililonse. Usiku wa Juni ndi Julayi chisanu chimayera mbee m'madambo. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, yopitirira mamilimita 1,000 pachaka, ndipo kum'mawa, kumene mitambo yochokera kunyanja imagunda phiri, imagwa yoposa pamenepo.

Malowa anakhazikitsidwa kukhala paki mu 1965, ndipo mu 1978 anawakulitsa mpaka kupitirira masikweya kilomita 3,000. Kukulitsako kunasamutsa midzi yambiri ya anthu amene makolo awo ankakhala m'mphepete mwa phirili, ndipo nkhani imeneyi siinazime m'mitima ya anthu a kumeneko. Tiyitchule pano chifukwa ikhudza zimene tinene pa za moto ndi za kukumba. Kachigawo kakang'ono ka phirili kali mbali ya Zambia. Akatswiri a zomera analembako mitundu yoposa 1,800, ndipo mwa imeneyi yoposa 200 ndi ma orchid, banja la maluwa limene chinaka, ndiwo yopangidwa ndi mbatata za maluwawa, chimachokerako.

Chaka cha maluwa ku Nyika sichiyamba ndi mvula ayi, chimayamba ndi moto. Pitani pa lupsa m'Seputembala kapena m'Okutobala, patatha milungu iwiri kapena inayi moto utadutsa. Nthaka ili bii, mvula sinagwe kwa miyezi inayi, koma mupeza timaluwa tachikasu ta Hypoxis titamatirira pansi, timagulu ta Gnidia tachikasunso, Moraea wofiirira m'mphepete mwa dambo, ndi ma orchid a mtundu wa Eulophia amene amatulutsa phesi la maluwa masamba asanamere n'komwe. Madzi akuwatenga kuti? Kumbani ndi maso okha: pansi pa kachomera kotalika ngati chala pamakhala chitsa chokhuthala, kapena mbatata, kapena anyezi wakuthengo, zina zokula kuposa nkhonya ziwiri. Imeneyo ndi nkhokwe ya chomeracho, mmene chinasungamo chakudya ndi madzi a dzinja lapita. Zina mwa zomerazi ndi mitengo ndithu, yokhala ndi thunthu ndi nthambi zoyanga pansi pa nthaka, zongotulutsa nsonga pamwamba, ndipo zimakhala zaka zambirimbiri pamalo amodzi.

Zimafulumira chotere pa chifukwa. Moto ukachotsa udzu wouma, dzuwa limafika pansi n'kutenthetsa nthaka, phulusa limabwezera mchere m'dothi, ndipo kwa zomera zina utsi weniweniwo ndiwo umadzutsa mphukira. Kwa milungu ingapo palibe chozitchinga. Njuchi ndi agulugufe zimaona duwa lili patali, ndipo njere zikakhwima mphepo imazimwaza pa nthaka yoyera. Chizimalupsa akamagwa, njere zili kale pansi. Udzu ukadzakula m'Disembala n'kuphimba zonse, izo zimakhala zitamaliza ntchito yake. Amene akufuna kuona zimenezi osawoloka malire apite ku dambo la Monavale konkuno ku Harare, kapena ku Cleveland Dam, moto wa m'chilimwe ukangodutsa. Mitundu yake si yofanana yonse ndi ya ku Nyika, koma kachitidwe kake ndi komweko.

Motowo ndiye uli ndi nkhani yaitali, chifukwa ulipo wabwino ndi woononga, ndipo kusiyana kwake ndi mwezi ndi ola. Oyang'anira paki amatentha msanga, kuyambira Meyi mpaka Julayi, udzu usanaumitsitse. Amayamba ndi kulambula kapena kutentha kamzere kozungulira tinkhalango ndi nyumba, kenako amayatsa madzulo mphepo itagwa, kuti mame ndi kuzizira kwa usiku zizimitse. Moto wotere umayenda pang'onopang'ono, malawi ake ndi aafupi, umadumpha malo ena n'kusiya zigamba za udzu mmene mbalame, mbewa ndi tizilombo timathawiramo. Kutentha kwake sikulowa pansi kupitirira masentimita ochepa, choncho mbatata ndi zitsa sizimva kanthu. Satentha paliponse chaka chimodzi. Malo amagawidwa m'zigawo, china chikapsa chaka chino chimapuma chaka chamawa kapena zaka ziwiri.

Moto wa Seputembala ndi Okutobala ndi wina. Nthawi zambiri amayatsa ndi opha nyama mozemba, ofula njuchi, kapena umachokera kuminda ya m'munsi. Udzu uli gwaa, mphepo ikuomba masana, malawi amatalika kuposa munthu ndipo amathamanga pokwera chitunda. Ukafika pa nkhalango umawaula mitengo ya m'mphepete, chaka chotsatira udzu umalowa pamene panapsapo, moto wina umadzalowerapo kwambiri. Nkhalango zobiriwira chaka chonse za pamwamba pa Nyika n'zochepa kale, timagulu tobisala m'zigwa ndi m'mitu ya mitsinje, ndipo zimatha motero, mita imodzi lero, ina chaka chamawa. Kum'mwera cha kum'mawa kwa phirili kuli kankhalango ka mitengo ya Juniperus procera, mtengo wa mafuta umene umayaka msanga, ndipo kamafunika kukalambulira chaka ndi chaka. Choopsa china chili m'madambo. Nthaka ya dambo la kumtunda ndi yakuda, yopangidwa ndi mizu ndi masamba amene sanaole bwino chifukwa cha kuzizira ndi madzi. Ikauma n'kugwira moto imanyeka chamkati kwa milungu, ndipo ikatha kupsa siyisunganso madzi. Mitsinje ya North Rukuru, North Rumphi, Wovwe ndi Runyina imachokera m'madambo amenewa, ndipo madzi amene anthu a ku Karonga ndi ku Rumphi amathirira mpunga ndi kumwa m'chilimwe ndi omwewo.

Koma kuletseratu moto nakonso n'kulakwa, ngakhale anthu ambiri okonda zachilengedwe amaganiza kuti ndiko kuteteza. Pakadutsa zaka zinayi kapena zisanu osapsa, udzu wakufa umaunjikana n'kuphimba nthaka, maluwa amachepa, nyama zimasiya kudyapo, ndipo tsiku limene moto udzalowe mwangozi umakhala woopsa kuposa wina uliwonse.

Mvula ikakhazikika, m'Disembala, Dierama amaweramitsa timabelu take ta pinki pa timapesi toonda, ndipo m'madambo Kniphofia amaimika miyuni yofiira pamwamba, yachikasu m'munsi. Koma mwezi weniweni wa ma orchid ndi Januwale ndi Febuluwale. Apa m'pofunika kugwada pansi n'kuyang'anitsitsa, pakuti mabanja atatu akuluakulu amasiyanitsidwa ndi kachubu ka timadzi totsekemera kamene kali kumbuyo kwa duwa. Duwa la Satyrium lili ndi chipewa pamwamba ndipo kumbuyo kwake kumatsika timachubu tiwiri. Mitundu ina ya banjali imakhala ndi masamba awiri obulungira oyalana pansi penipeni. La Disa lili ndi chipewanso koma kachubu kamodzi kokha, kotuluka pachipewapo, ndipo mitundu yake ndi yowala, yofiira, yachikasu ya madonthomadontho, ina yabuluu. La Habenaria ndi lobiriwira kapena loyera, logawikagawika, kachubu kake kamachokera ku mlomo wa m'munsi n'kulendewera. Masana silioneka kanthu. Dzuwa likalowa limayamba kununkhira, chifukwa limadikira agulugufe ausiku a milomo yaitali. Kutalika kwa kachubu kumagwirizana ndi kutalika kwa mlomo wa kachilombo kamene kamanyamula mungu wake, ndiye kachilomboko kakasowa, duwalo limachita maluwa chaka ndi chaka koma osabereka.

Kubereka kwa ma orchid n'kovuta kwambiri. Kathumba kamodzi kamatulutsa njere masauzande ambiri, zazing'ono moti zimauluka ndi mpweya, koma mulibe chakudya m'kati mwake. Njere siingamere pokhapokha itagwera pamene pali timizu ta bowa wa mtundu woyenera, amene amailowa n'kumaidyetsa. Imakhala pansi choncho osatulutsa tsamba kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka idzachite duwa loyamba pamapita zaka zingapo. Chomera chachikulu nacho chimasintha mbatata chaka chilichonse. Mukachiona chili ndi maluwa, pansi pali mbatata ziwiri: yakale yofota, imene yadyedwa pokweza phesi, ndi yatsopano yolimba, ya chaka chamawa.

Yolimbayo ndi imene okumba chinaka amaifuna. Chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda, ndi ndiwo yakalekale ya kumpoto kwa Malawi, kumpoto kwa Zambia ndi kum'mwera kwa Tanzania. Mbatatazo amazitsuka, kuziyanika, kuzisinja, n'kuziphika pamodzi ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi chidulo kapena soda, akutakasa mpaka zitalimba, kenako amaika makala pa chivundikiro kuti zipse pamwamba. Zikazizira amadula mapisi. Kale chinali chakudya cha pakhomo, chokumbidwa pang'ono maluwa atatha, ndipo amayi odziwa ankabwezera pansi mbatata ina ndi phesi lake. Chitayamba kugulitsidwa m'misika ya Lusaka ndi ku Copperbelt, zinthu zinasintha. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anawerengera kuti mbatata zoposa 2 miliyoni zinkachoka kum'mwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma la Tanzania linakhazikitsira paki ya Kitulo mu 2005, paki yotetezera maluwa makamaka. Kumene mbatata zatha, ogula amapita kwina, ndipo Nyika ali pafupi ndi malire. Okumba amalowa ndi makasu n'kugona m'thengo masiku angapo, akusankha Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis. Mbatata imodzi m'thumba ndi chomera chimodzi chakufa, ndipo akakumba njere zisanakhwime, ndiye kuti apha ndi mbewu yomwe.

Sitikunyoza okumbawo. Ambiri ndi amayi ndi ana a m'midzi yozungulira paki, ena a mabanja omwe aja anasamutsidwa, ndipo ndalama imene amalandira ndi yochepa poyerekeza ndi ya wogulitsa m'tauni. Kuwagwira kokha sikunathetsepo vutoli kulikonse. Chimene chimathandiza n'choti midzi ipindule ndi paki mooneka, pa gawo la ndalama za alendo, pa ulimi wa njuchi, pa ntchito zolambula ndi kuzula zomera zachilendo. Mu 2023 boma la Malawi linasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation pangano la zaka 20 loyendetsera limodzi Nyika ndi malo osungira nyama a Vwaza, ndipo muyeso wabwino wa panganoli udzakhala umenewu, ngati mayi wa ku Thazima kapena ku Nthalire adzaone kuti duwa lili m'nthaka likumupindulira kuposa lili m'thumba.

Palinso kukumba kwa ife a m'tauni, kofuna kukadzala pakhomo. Musavutike. Orchid wa kuphiri mukamubweretsa ku Harare amaphuka chaka choyamba ndi mphamvu ya mbatata imene anabwera nayo, chaka chachiwiri amatulutsa tsamba lokha, chachitatu palibe. Bowa wake anatsala kuphiri, usiku wa kuno ndi wofunda, ndipo madzi othirira m'chilimwe amaoletsa mbatata imene imafuna kugona pouma. Kuonjezera apo ma orchid onse ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, choncho kuwoloka nawo pa Mwanza, Dedza kapena Nyamapanda popanda chilolezo ndi mlandu, osanenanso za kuwachotsa m'paki. Chimodzimodzi duwa la fuko la Zimbabwe, Gloriosa superba, limene anyamata amagulitsa m'mbali mwa misewu ya Harare m'Disembala: ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo mbatata yake ndi poizoni wakupha. Isamasiyidwe pamene ana angaitole.

M'Malichi ndi m'Epulo ma orchid amachepa, koma Gladiolus amakhala akadalipo, Delphinium wabuluu ndi woyera wonunkhira amaphuka m'mphepete mwa tinkhalango, ndipo mitengo ya Protea imakopa timbalame toyamwa maluwa ta nthenga zobiriwira zonyezimira. Mvula ikatha zitunda zimatsala ndi Helichrysum, maluwa ouma okhokhota, oyera, achikasu ndi a pinki, amene masamba ake a ubweya amapirira chisanu.

Nyama zimatsata kalendala yomweyi. Mbidzi, chilembwe, ntchefu ndi mphoyo zimakhamukira pa msipu wa pa lupsa ndipo zimachuluka pamwamba m'dzinja lonse. Kukazizira, ntchefu ndi mbidzi zambiri zimatsikira m'nkhalango za miombo ndi masuku za m'munsi. Akambuku ndi afisi alipo, ndipo mu 2017 anabweretsako njovu 34 kuchokera ku Liwonde kudzaonjezera zimene zinalipo. Mbalame zinalembedwa mitundu yoposa 400. Imodzi yofunika kuidziwa ndi namzeze wabuluu wa mchira wautali, amene amafika cha m'Seputembala kuchokera ku madera ozungulira nyanja ya Victoria, n'kumanga chisa m'maenje a pansi ndi m'zigwembe za mitsinje, ndipo amabwerera m'Epulo. Amasaka tizilombo akuuluka chapansipansi pamwamba pa udzu, choncho pamene pamera mitengo iye amachokapo. Nyika ndi amodzi mwa malo ake akuluakulu oswerana padziko lonse, ndipo ena ndi Nyanga kuno ku Zimbabwe.

Apa ndi pamene nkhani ya Nyika ndi ya Nyanga zimakumana. M'zaka za m'ma 1950 atsamunda anadzala paini wa mtundu wa Pinus patula pa Chelinda, mahekitala oposa 500, poyesa ngati kungakhale munda waukulu wa mitengo yopangira mapepala. Ntchitoyo sinapitirire, koma njere za paini zili ndi phiko ndipo mphepo imazitengera kutali m'udzu. Pansi pa paini pamagwa masamba okhuthala, mdima umakhala wa tsiku lonse, ndipo palibe orchid amene amapulumuka. Mitengoyo imamwanso madzi chaka chonse n'kuphwetsa akasupe. Mwayi wake n'ngwakuti paini ameneyu saphukira pachitsa. Wamng'ono amazulidwa ndi manja nthaka ikadali yonyowa, wamkulu amadulidwa m'munsi mwa nthambi yomalizira, ndipo chofunika n'kumupeza asanayambe kubereka. Mukasiya nthambi imodzi yamoyo pachitsa, imadzuka n'kukhala mtengo. Ku Nyanga kuli paini yemweyu ndiponso mtengo wachilendo wa wattle, umene ndi wovuta kwambiri chifukwa umaphukira ukadulidwa, njere zake zimakhala m'nthaka zaka makumi angapo, ndipo moto umazidzutsa zonse pamodzi. Amene amatcha udzu wa kuphiri malo opanda ntchito amene akufunika kudzalidwa mitengo ayambe aona zimenezi. Kudzala mitengo n'kwabwino kumene kunali mitengo.

Mdani wina ndi wa komweko, chomera cha masamba onga nthenga chotchedwa bracken, chimene chikufalikira m'zitunda za Nyika m'zigamba zazikulu. Mizu yake imayanga pansi patali moti moto suifika, ndipo pambuyo pa moto chimaphuka msanga n'kuchita mthunzi. Nyama sizichidya, n'chapoizoni kwa ziweto. Kuchisenga kamodzi sikuthandiza. Chimafuna kusengedwa kawiri kapena katatu m'dzinja lililonse, masamba akangotambasuka, pamene muzu wataya mphamvu yambiri koma usanabwezeredwe, ndipo ntchitoyi ipitirire zaka zingapo zotsatizana. Mukalekeza chaka chimodzi mwabwerera poyambira. Palinso mabulosi achilendo aminga a Rubus ellipticus, amene mbalame zimamwaza njere zake m'mphepete mwa nkhalango. Amenewo amafuna kukumbidwa ndi chitsa chomwe.

Wofuna kukaona zonsezi kuchokera ku Harare adzere ku Nyamapanda ndi Tete, alowe pa Dedza kapena Mwanza, kenako Lilongwe, Mzuzu ndi Rumphi. Mafuta a galimoto ndi chakudya mugulire ku Mzuzu kapena ku Rumphi, okwanira kupita ndi kubwerera. Kuchoka pa Rumphi kufika pa chipata cha Thazima ndi makilomita pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa Thazima kufika pa Chelinda ndi ena pafupifupi 60. Mtundawo ukuoneka waufupi, koma m'Januwale msewu umaterera ndi kukumbika, choncho pamafunika galimoto yokoka mawilo onse anayi, ndipo munyamuke m'mawa kuti mdima usakupezeni panjira. Tengani juzi yokhuthala ngakhale m'dzinja, jekete ya mvula ndi nsapato zosalowa madzi. Maluwa muziyendera m'mawa, pakuti masana mitambo imasonkhana, ndipo pa chitunda chopanda mtengo munthu woimirira ndiye chinthu chachitali pamene mphezi ikung'anima. Nkhungu imatha kutseka mwadzidzidzi n'kufananitsa zitunda zonse, n'chifukwa chake poyenda pansi mumatenga mlonda wa paki. M'dambo muzidutsa m'mbali, chifukwa phazi limodzi limaphwanya timbewu tambiri timene sitinaoneke.

Duwa limene simukulidziwa mulijambule kanayi: chomera chonse, duwa chakutsogolo, duwa cham'mbali kuti kachubu kaoneke, ndi masamba a pansi. Lembani tsiku, malo, ndiponso ngati panali pouma, pa miyala kapena m'dambo, komanso ngati panapsa chaka chimenecho. Zithunzi zotere mungapite nazo ku National Herbarium ya ku Zomba, kapena mukabwerera kuno, ku National Herbarium and Botanic Garden ku Alexandra Park, kumene amasunga zomera zouma zambiri za m'chigawo chino cha Africa, za ku Malawi zomwe, zoti n'kufananitsa nazo.